Walira mvula walira matope, ngakhale pa laputopu

Agogo anga aakazi anakhala moyo wawo wonse kuno ku Mtengowanthenga osagwirako chinthu cha mabatani kupatula wailesi, koma ankakonda kunena kuti walira mvula walira matope. Mwambiwu ankautulutsa akaona mwana wolirira nsapato zatsopano akutsimphina ndi matuza, kapena mnyamata amene anasowetsa mtendere ankhoswe ndi nkhani ya ukwati akudandaula za mtengo wa sopo. Sindinkadziwa kuti tsiku lina mwambi womwewu udzandipeza pakhonde nditafukata laputopu ngati mwana wodwala malungo.

Laputopu yangayi ndi ya kaunjika. Inayamba yatumikira mzungu wina kutsidya kwa nyanja, n'kudzafika kwathu itatopa kale ngati ng'ombe ya pangolo. Batire lake limasunga moto nthawi yongokwanira kuwiritsa dzira limodzi, choncho imakhalira pachingwe ngati mbuzi ya m'dzinja. Komabe ntchito imagwira. M'menemo ndi mmene muli maina a mamembala a kalabu yathu ya alimi, ngongole zawo za feteleza, ndi zithunzi za chinkhoswe cha mlongo wanga, zimene aliyense amafuna kuona koma palibe wofuna kusunga.

Mu Okutobala, fumbi la mumsewu wa M1 likulowa ndi m'mphika momwe, laputopu ija inayamba kukomoka. Ndikangofika pakati pa kuwonkhetsa ngongole, sikirini inkasanduka yabuluu, n'kuonetsa kankhope kachisoni kaja ka Windows, kenako n'kuzima, n'kudzukanso ngati palibe chachitika. Tsiku lina inakomoka kanayi ndisanamwe tiyi.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anaphunzirako za makompyuta miyezi ingapo ku Lilongwe. Anangoiyang'ana kamodzi ngati sing'anga wotchuka.

"Amalume, apa n'zachidziwikire. Pangani update BIOS, zonsezi zitheratu."

"BIOS ndiye ndani, mphwanga?"

"Ndi firmware, amalume."

Ana a masiku ano ndi otero. Ukawafunsa tanthauzo la mawu amodzi achilendo, amakuwonjezera ena kuti ukhale nawo awiri.

Nditafunsafunsa ndinamvetsa. Mkati mwa laputopu, pa bodi lalikulu, pali kachipu kochepa ngati chikhadabo cha mwana, ndipo m'menemo mumakhala pulogalamu imene imayamba kudzuka mukadina batani. Akale ankaitcha BIOS, ya m'makompyuta atsopano ndi UEFI, koma anthu tikungoti BIOS basi, monga mmene mankhwala alionse otsukira mano timangowatcha Colgate. Ntchito yake ndi ya mayi wa pakhomo. Amadzuka tambala woyamba, kukoleza moto, kuwerenga ana ngati onse alipo, kusuzumira m'khola, ndiyeno n'kukadzutsa bwana Windows kuti madzi osamba afunda. Windows ndi mlendo wa pabalaza. Akadwala mumamutulutsa n'kulowetsa wina. Koma mayi uja akagona osadzuka, nyumba yonse imakhala chete, ndipo palibe wotsegulira ngakhale dokotala.

Kupanga update ndi kufufuta zolembedwa m'kachipu kaja n'kulembamo zatsopano. Zimatenga mphindi zowerengeka, koma mphindi zake ndi zija za munthu amene wasasula udzu wonse wa padenga kuti afolerenso, kwinaku mitambo ikuda cha ku mapiri a Ntchisi. Moto ukaduka zakale zitafufutika, zatsopano zisanathe kulembedwa, laputopu imatha kukana kuyakanso. Azungu ali ndi dzina la kompyuta yofika pamenepo: amaitcha njerwa. Ndinayang'ana uvuni wa njerwa umene uli kuseri kwa nyumba ya aneba, ndinayang'ananso laputopu yanga, n'kuona kuti ikanakhala njerwa yodula kuposa zonse m'boma la Dowa, yosatheka ngakhale kumangira chimbudzi.

Apa ndi pamene agogo anabwera m'maganizo. Kwathu kuno mvula ndi matope si mwambi wokha, ndi nkhani ya magetsi. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mvula ikachepa timati madzi aphwa, makina sakuzungulira bwino. Tikailirira n'kubwera, imakokolola matope ndi zinyalala zimene zimakatseka polowera madzi, makina n'kuimitsidwa kuti achotse. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo anadzayambanso kuzungulira mu 2023. Ndiye munthu wa batire lowiritsa dzira limodzi, wokhala m'dziko limene magetsi ake amadalira khalidwe la mitambo, akamasasula denga la laputopu yake ayenera kukhala wolimba mtima kuposa wowoloka Bua atadzaza.

Musaganize kuti matopewa amaterereza ife osauka tokha. Mu Januwale 2018, akatswiri ataulula zibowo za chitetezo zotchedwa Spectre ndi Meltdown m'mapurosesa, kampani ya Intel inatulutsa mankhwala ake mwachangu, opanga makompyuta n'kuwaika m'ma update a BIOS. Pasanathe mwezi, Intel yomweyo inauza anthu kuti aleke kaye kuwaika, chifukwa makompyuta ena amene anamwa mankhwalawo anayamba kuzima n'kudzuka okha. Matenda amene ine ndinkafuna kuchiza, anzathuwo anawatenga kuchipatala. Pa 19 Julaye 2024, update ina ya kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni tsiku limodzi, ndege n'kulephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala n'kubwerera ku cholembera ndi pepala. Komatu imeneyo sinakhudze n'komwe BIOS. Anadwala ndi mlendo wa pabalaza, mayi ali bwinobwino, n'chifukwa chake makompyutawo anatheka kudzutsidwa.

Nditamuuza zimenezi mphwanga ndi mtima wa wopambana mlandu, anandibweza.

"Nanga za 2024 zija za mapurosesa a Intel, amalume, mwazidumpha dala?"

Ananena zoona. Chaka chimenecho mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14, a m'makompyuta a padesiki, ankakomoka chifukwa ankapempha mphamvu ya magetsi yopyola muyeso n'kumadzipsereza pang'onopang'ono. Mankhwala ake anabwera kudzera mu update ya BIOS mu Ogasiti ndi Seputembala. Amene anazengereza anadziika pangozi, pakuti purosesa ikawonongeka kale, update siibwezera mwakale. Kumeneko woopa matope ndiye anagona ndi njala.

Ndinakhala pansi n'kuuganiziranso mwambi uja. Agogo sananenepo kuti musalire mvula. Mlimi wa ku Dowa wosalira mvula ndi wamisala, fodya ndi chimanga sizimera ndi malovu. Chimene ankatanthauza n'chakuti zinthu ziwirizi zimabwera pa ngolo imodzi, ndipo wopempha china akonzekere chinzake. Komanso munthu wanzeru amayamba waona ngati mbewu zake zikufotadi ndi dzuwa. Mwina ndi chiswe. Mwina ndi mbuzi ya aneba. Kuvinira mvula pamene vuto ndi mbozi n'kungodzithyola msana.

Loweruka ndinakulunga wodwala uja m'chitenje cha mayi akunyumba n'kukwera minibasi ya ku Mponela. Kumeneko kuli mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu kopapatiza, koti mukalowa awiri wina ayenera kupumira panja.

"Madala, imakomoka ikangoyaka, kapena ikagwira ntchito kwa kanthawi?"

"Ikagwirako ntchito, makamaka masana."

"Nanga mawu amene amalembedwa m'munsi mwa kankhope kaja munawawerengapo?"

Ndinavomera kuti sikirini ikasanduka yabuluu ine ndimatsinzina. Anaseka n'kundiuza kuti mawu amenewo ndiwo dzina la matenda, ndipo wanzeru amawajambula ndi foni. Anati iye BIOS amaigwira pomaliza. Amayamba ndi kutentha, kenako amazula RAM n'kuibwezeretsa bwino ndi kuiyeza, amamvetsera ngati hard disk ikudwala, amafunsa ngati mwaikamo pulogalamu kapena driver yatsopano masiku amenewo. Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene amapita pa tsamba la kampani yopanga laputopuyo kukawerenga zimene update ikulonjeza kukonza. Ngati matenda anu sanatchulidwe pamenepo, ndiye kuti mukumwa mankhwala a mutu pamene mwathyoka mwendo.

Anamasula tizitsulo ta kunsi n'kutsegula. Zimene tinaona, abale, sindinauze mayi akunyumba zonse. Pakamwa pa fani panali chibuma cha fumbi chopotana ndi ulusi, chokhuthala ngati chigumu cha pa msika, ndipo pambali pake panagona phiko la mphemvu imene inafera pa ntchito. Mpweya unalibe potulukira. Laputopu ija sinkafuna nzeru zatsopano zochokera ku America, inkangobanika. Mnyamata uja anapisa dzanja m'kabati, ine n'kumayembekezera chipangizo cha mawaya ndi timagetsi. Anatulutsa nthenga ya nkhuku. Munthu kuchoka ku Mtengowanthenga, kulipira minibasi, kudzagula nthenga ku Mponela! Anapukuta fani bwinobwino, anapaka phala latsopano pa purosesa, n'kutseka. Kuyambira tsiku limenelo sinakomokenso.

Ndisanatuluke ndinamufunsa ngati update ija ndingoiiwala.

"Ayi madala, tsiku lina mudzaifuna, makamaka ikakhala yotseka zibowo za akuba. Koma mudzavale jombo."

Jombo zake anandiwerengera pa zala. Batire likhale lamoyo ndi lodzaza, chaja ili pakhoma, kuti china chikagwa chinzake chigwire. Mapulogalamu ambiri a update amakana n'komwe kuyamba ngati chaja palibe kapena batire latsika, ndipo amene amafufuza njira yowakakamiza akudzikumbira yekha dzenje. Fayilo ichokere kwa kampani yopanga laputopuyo, ya mtundu weniweniwo wolembedwa kunsi kwake, osati ya pa fulashi ya mnzanu amene yake "ikufanana ndi yanuyi". Zonse zofunika muyambe mwazikopera pena. Ngati hard disk ndi yokhomedwa ndi BitLocker, kiyi wake wa manambala 48 mumulembe m'kope, chifukwa BIOS ikasintha kompyuta imatha kukuyesani wakuba m'nyumba mwanu momwe. Ikayamba, manja m'thumba. Sikirini ide, fani ilire ngati chigayo, izime n'kuyaka kawiri katatu, inu osagwira. Ndipo ana othamangitsa nkhuku akhale kutali ndi chingwe.

"Nanga zikavuta ndithu?"

Anati malaputopu ena ali ndi khomo la kuseri. Pa HP ambiri mumagwira batani la Windows ndi B poyatsa, pa Dell mumagwira Ctrl ndi Esc, ndipo BIOS imayesa kudzikonza yokha. Zikakanika, mmisiri amapana kachipu kaja ndi kachipangizo kake n'kulembamo mwatsopano. Zikakanikanso, ndi kugula bodi lina, ndipo mtengo wake mukaumva mumayamba kufunsa za laputopu ina ya kaunjika.

Ndinafika kunyumba madzulo ndili ndi mtengo wa batire latsopano papepala. Ndinafotokozera mayi akunyumba nkhani ya update ija, kuyambira Kapichira mpaka Intel, n'kumaliza ndi mwambi wa agogo, kuti aone kuti ndalama ya batire ndi nkhani ya chikhalidwe chathu. Anamvetsera mpaka kumapeto akusenda mtedza.

"Mwalankhula bwino, abambo. Ndiye jombo zimene mukunenazo ndi ziti? Chifukwa zanga zinabooka chaka chatha, mbewu sitinagule, ndipo mvula yeniyeni yatsala milungu itatu."

Ndalama ya batire inapita ku jombo za rabala, nambala sikisi. Mphwanga akabwera amafunsabe ngati ndinapanga update, ine n'kumuuza kuti tikudikira tigulitse fodya. Laputopu ili pachingwe pake ngati kale, ndipo pamwamba pa kabati ndasungapo nthenga ziwiri za tambala amene tinadya pa Khirisimasi.