Malangizo kwa wofuna kupuma pa gombe la Zanzibar popanda kusokonezedwa ndi zomera

Kupuma m'mbali mwa nyanja ya mchere ndi ntchito yofuna kukonzekera, chifukwa gombe lililonse lili ndi zomera zake, ndipo zambiri mwa zomerazo sizidauzidwe kuti mlendo walipira ndalama zakunja kuti aone mchenga woyera wokhawokha. Choncho munthu wopita ku Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, makamaka kugombe la kum'mawa kumene kuli midzi ya Paje ndi Jambiani, ayenera kudziwiratu zomera zoyenera kuzijambula, zoyenera kukazinenera kwa woyang'anira hotela, ndi zoyenera kuzilambalala ngati sakuziona.

Mtengo wa ngole, umene ambiri amautcha kokonati, ndi wovomerezeka, makamaka ukapendekera kumadzi monga umaonekera pa chikalata chotsatsa malonda. Mlandu wake ndi umodzi wokha, woti umabala, ndipo chipatso chake cholemera kupitirira kilogalamu imodzi chimatha kuchoka pamwamba pa mtengo wotalika mamita 20 popanda kuodira. Mu 1984 dokotala Peter Barss, amene ankagwira ntchito ku Papua New Guinea, adafalitsa kafukufuku wa anthu ovulazidwa ndi ngole zakugwa, ndipo mu 2001 ntchitoyo idampezetsa mphoto ya Ig Nobel, yomwe imaperekedwa kwa kafukufuku amene amayamba waseketsa anthu kenaka n'kuwaganizitsa. Pambuyo pake padabuka mphekesera yoti ngole zimapha anthu 150 pachaka, ngakhale kuti palibe adawerengapo malirowo. Mlendo akulangizidwa kukhulupirira chiwerengerochi osachifufuza, kuti ayamikire bwino akaona mnyamata akukwera mtengo wopanda makwerero kukathyola zipatso zisanakhwime, zomwe masana ake amugulitsa yemweyo zitabooledwa pamwamba.

Chovuta chachikulu ndi nyanja yeniyeniyo. Munthu wozolowera Mangochi kapena Salima, kumene madzi amapezeka madzulo pomwe adawasiya m'mawa, ayenera kuuzidwa kuti nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi, ndipo kugombe la kum'mawa kwa Unguja madzi akaphwa amabwerera kutali kwambiri mpaka osambira kusowa posambira. Pamalo pamene madzi achokapo pamaonekera mizere ya zikhomo zomangidwa zingwe, ndipo pakati pa mizereyo pamakhala amayi atakhala pansi m'madzi ofika m'chiuno, akumangirira tizidutswa ta ndere za m'nyanja, zimene eni ake amazitcha mwani. Ulimi umenewu udakhazikika ku Zanzibar mu 1989 ndi mbewu zochokera ku Philippines, alimi ake ambiri ndi amayi, ndipo zokolola zimachotsedwa pakapita masabata pafupifupi asanu ndi limodzi n'kuyanikidwa padzuwa. Mlendo ali ndi ufulu wodandaula kuti amayiwo akumuwonongera chithunzi, koma asafunse kumene ndere zoumazo zimapita, pakuti mwa izo mumachokera carrageenan, chinthu cholimbitsa zakudya ndi mankhwala, chimene chimapezeka mu ayisikilimu wambiri ndi m'mankhwala otsukira mano. Kudziwa kuti mwina watsuka mano ndi zomwe wadandaula kumachepetsa mphamvu ya dandaulo. Komanso kutentha kwa madzi osaya kwakhala kukupha mtundu wa ndere umene umagulidwa pa mtengo wabwino, kotero wodandaula akhoza kungodekha, nyengo ikumugwirira kale ntchito.

Udzu wa pansi pa nyanja, umene mafunde amaulavulira kumtunda usiku, sufuna malangizo ambiri. Mlendo angopewa kudzuka mbandakucha, nthawi imene antchito amaupalasa ndi kuukwirira, kuti apitirize kukhulupirira kuti gombe lidalengedwa losesasesa.

Mitengo ya mangrove, imene m'Chiswahili imatchedwa mikoko, ndiyo yosamvera kuposa zonse. Imamera m'matope a mchere mmene mitengo ina singapirire, mizu yake imatuluka pamwamba kuti ipume popeza m'matopemo mulibe mpweya wokwanira, ndipo m'mitundu ina mbewu imaphukira pamtengo pomwepo isanagwe. Matope akewo amatulutsa fungo la mazira oola, ndipo amaitana udzudzu. Zoona, m'mizumo ndi momwe ana a nsomba, nkhanu ndi tizamoyo tina timakulira tisanapite kunyanja yakuya, ndipo nkhalango yake imafooketsa mafunde asanafike kumidzi, koma mfundo izi n'zothandiza asodzi, amene salemba ndemanga za mahotela pa intaneti. Njira yoyenera yoonera mikoko ndi kulipira ulendo wa ku Jozani Chwaka Bay, malo osungirako zachilengedwe amene adakhazikitsidwa mu 2004, kumene kuli kanjira ka matabwa kodutsa pamwamba pa matope, kuti munthu athe kuyamikira nkhalangoyo nsapato zili zoyera, n'kubwerera msanga kukadya nkhanu madzulo osalumikiza zinthu ziwirizi.

Palinso chomera choyanga pamchenga, cha maluwa ofiirira ndi masamba ogawika ngati chiboda cha mbuzi, chimene akatswiri amachitcha Ipomoea pes-caprae, ndipo ndi m'bale wa mbatata, ngakhale kuti sichiyenera kuyesedwa ngati kholowa. Ntchito yake ndi kugwira mchenga kuti mphepo ndi mafunde zisaukokolole, koma chimagwira pamalo enieni pamene payenera kukhala mipando yogonera. Chikazulidwa mchenga umayamba kuchoka, mchenga ukachoka pamamangidwa khoma la simenti, ndipo khomalo limabweza mafunde mwamphamvu n'kuchititsa kuti mchenga wa patsogolo pake ndi wa oyandikana nawo uchoke mofulumira, zomwe zimapereka mwayi womanganso makoma ena. Akatswiri a zachuma amalemba zonsezi m'gulu la chitukuko.

M'malo mwa zomera zochotsedwazo hotela yodzilemekeza imabzala bougainvillea wochokera ku South America, frangipani wochokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, ndi kapinga wobiriwira chaka chonse, ndipo izi ndizo mlendo ayenera kujambula monga zomera za ku Africa. Kapinga ameneyu amamwa madzi abwino tsiku lililonse pa dera la miyala ya makorali, kumene madzi a pansi pa nthaka ndi ochepa ndipo amayandama pamwamba pa madzi a mchere, kotero kuti akapopedwa mopitirira muyeso mchere umakwera n'kulowa m'zitsime. Zikatero amene amayamba kumva kusintha ndi a m'mudzi wa kuseri kwa mpanda, ndipo mlendo sayenera kuda nkhawa, chifukwa m'chipinda mwake amamuikira mabotolo a madzi akumwa m'mawa uliwonse.