Mphuno ya Amayi Akunyumba

Lolemba lapitali tinapeza kalata ya akuluakulu itamatidwa pa chitseko, yotidziwitsa ife antchito kuti kuchedwa kwa makompyuta athu, kumene takhala tikulira nako kwa zaka zinayi, kwadza chifukwa cha ulesi wathu wounjika mafayilo pa desktop, ndi kuti aliyense asese pabwalo pake Lachisanu lisanafike. Mtima wanga unagunda, pakuti mwa ochimwa onse a m'chipinda chathu palibe wondiposa.

Ndiulule poyera. M'chaka cha 2019 ndinaika pa desktop yanga chithunzi cha amayi akunyumba kuti azindilonjera ndikayatsa makina, ndipo kuyambira tsiku lomwelo mafayilo akhala akuwakwirira pang'onopang'ono monga chiswe chikwirira nsichi: "Lipoti lomaliza" linatenga chipumi, "Lipoti lomaliza lenileni" linakhazikika pa diso lamanja, "Lipoti lomaliza lenileni ndithu" ndi abale ake asanu ndi awiri anamanga mudzi pa duku, kufikira kuti chotsala cha mkazi amene ndinalumbira naye pamaso pa mpingo ndi mphuno yokha. Mphuno imeneyo ndiyo imandipenyetsetsa m'mawa uliwonse kwa mphindi khumi ndi zisanu pamene kompyuta ikudziwongola, ndipo amene anati kuona maso a nkhono n'kudekha sanayesepo kudikira maso a mkazi wake.

Popeza safunsa anadya phula, ndinapita kwa mwana wa mlongo wanga, amene amakonza makina otere. Iye anaseka kufikira misozi, nati, "Amalume, desktop ndi foda chabe ngati mafoda ena onse, ndipo ili pa diski yomweyo. Fayilo ikhale pa mphuno ya azakhali kapena mu Documents, kulemera kwake n'kumodzi. Ntchito imene makina amaonjezera ndi yojambula tizithunzi ta mafayilowo, ndipo tikachuluka mazanamazana pa kompyuta yokalamba mungatayepo timasekondi, osati nthawi yophikira nsima." Anavomera kuti m'maofesi ena, momwe desktop imakopedwa kuchokera ku seva munthu akamalowa, kapena kutumizidwa ku OneDrive, mafayilo aakulu amachedwetsadi, koma seva yathu ife ndi kafulashi kamene kamakhala m'chikwama cha mlembi.

Pamenepo anandifunsa mafunso ngati sing'anga woombeza, ndipo ufiti unagwidwa: RAM ya 4 GB yokha, diski yakale ija yozungulira ngati mphero, mapulogalamu khumi odzuka okha makina akayatsidwa popanda wowaitana, ndi Windows 10, imene a Microsoft eni ake anaisiya umasiye pa 14 Okutobala 2025. Mankhwala ake, anatero, ndiwo SSD ndi kuonjezera RAM. Mphuno ilibe mlandu.

Apa ndiye sindiseka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinauzidwa kuti ndalama ya makina atsopano yauma, ndipo tinamvetsa, chifukwa nafenso timagula shuga. Koma ya matayala a galimoto ya bwana siinaumepo, ngakhale ya misonkhano ya kunyanja. Kulephera kugula chida si tchimo. Tchimo ndilo kulephera kugula, ndi kutembenuka n'kuuza wogwiritsa khasu lakutha kuti munda wachedwa chifukwa amalima moipa.

Komabe, pokhala munthu woopa kalata, Lachinayi ndinasesa. Ndinakokolola zonse n'kuziponya mu foda yotchedwa "Zosesa", imene inakagona pambali pa "Zosesa zakale", ndipo taonani, nkhope yonse inatulukira: maso awiri, makutu awiri, ndi duku limene ndinaliiwala kuti ndinagula ndine. Amayiwo anandiyang'ana monga ayang'anira munthu wobwera usiku wopanda chifukwa chomveka, ndipo m'mawa mwake anachita kundiyang'ana chomwecho kwa mphindi khumi ndi zisanu zomwe zija, osachotsapo ngakhale imodzi. Ndinayamba kuilakalaka mphuno, pakuti mphuno siifunsa mafunso.

Masana ake inafika imelo ya akuluakulu yothokoza onse amene anasesa, ndi kutiuza kuti tiisunge bwino. Ndinaisunga pamalo pamene dzanja langa linazolowera, ndipo inakatera pa diso lamanja.