Khansala wa Pachitenje

Kuyambira 2005 mpaka 2014, Malawi analibe makhansala. Ambiri sitinadziwe n'komwe. Zinyalala za kumsika zinkaunjikana monga kale, maenje a mumsewu n'kumakula osafunsa chilolezo kwa munthu.

Lero nzika zikudzuka, zikuti khansala azisankhidwa chifukwa cha mfundo, osati chifukwa cha "ya fanta". Lamulo lilipo kale: la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pokopa anthu. Koma nsalu ndi malaya a chipani silinakhudze. N'chifukwa chake mupeza mayi wabereka mwana pa nkhope ya mtsogoleri wa chipani china, ufa wamangira pa nkhope ya mdani wake, ndipo voti waponyera munthu woima payekha. Ine mayi ameneyo ndimamuvulira chipewa.

Vuto limadza mavoti akawerengedwa. Ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, meya sitimusankha ife. Makhansala ndi aphungu amamusankha okhaokha m'chipinda. Inu amene munaima pamzere dzuwa lili pamutu mumangomva pa wailesi kuti mzinda wapeza bambo.