Tayala la 28 lakana kukhala

"Imeneyi si njinga, aphunzitsi. Ndi ngongole imeneyi."

Amisiri okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, chakufupi ndi msika wa Mpondabwino ku Zomba, ananena mawuwa ataitukula njingayo ndi dzanja limodzi. Ine ndinali pa benchi la mayi wazitumbuwa, ndipo chitumbuwa changa ndinayamba kuchidya pang'onopang'ono mwadala, poona kuti apa pali nkhani.

Aphunzitsi amenewa anapuma ntchito kalekale, koma aliyense kuno amawadziwa ndi Humber yawo yakuda, ya mabuleki a ndodo zachitsulo ndi chishalo cha masipuling'i. Tsikuli anabwera ndi ina: yotuwa, ya matayala owonda, mahandulo owongoka, kumbuyo kuli mulu wa mano a tcheni. Mwana wawo wa ku Joni ndiye anatumiza pa basi. Ogulitsa amaitcha hybrid. Mahandulo ndi magiya inatengera njinga zokwera nazo mapiri, mikombero ikuluikulu yopyapyala inatengera njinga za mpikisano.

"Ngongole bwanji, achimwene, poti mwana analipira zonse?"

"Iye analipira pogula. Pokonza mulipira ndinu."

Chinawabweretsa n'chakuti botolo losweka linang'amba tayala lakumbuyo. Aphunzitsi, pokhala munthu wodziwa kuwerenga, anaona nambala 28 m'mbali mwa tayalalo, nalowa m'sitolo mtawuni kukagula lina la 28. Amisiri analiveka pa limu, nalo linangovuka lokha. Analivekanso, linavukanso. Anayang'ana tayala, anayang'ana aphunzitsi.

"Akuberani."

Sanawabere ayi. Matayala onse awiri ndi a 28, koma si ofanana. Nambala yoona imalembedwa ting'onoting'ono pambali: la njinga zathu zakale limati 635, la njinga zatsopanozi limati 622. Amenewo ndi mamilimita a kukula kwa limu pamene tayala limakhalapo. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13 basi, koma n'kokwanira kuti munthu abwerere kwawo akukankha njinga. Ku Ulaya, makamaka ku Germany, tayala la 622 amalitchanso 28, ndiye wogula wa ku Zomba angadziwe bwanji?

Apa n'kuti bambo wina wamakala ataimika njinga yake, matumba atatu ali neng'aneng'a kumbuyo, akupuma wefuwefu. Anasendera, nagogoda felemu ya aphunzitsi ndi chikhadabo.

"Chitini ichi, madala."

"Ndi aluminiyamu," anayankha aphunzitsi. "Sachita dzimbiri."

"Sachita dzimbiri, inde," analowerera amisiri, "koma ikadzathyoka mudzapita nayo kwa yani? Uyo wowotcherera mageti apoyo akangoikhudza ndi moto wake, mutola madontho. Imafuna makina ake a mpweya wa argon. Chitsulo ine ndimachiwongola ndi bondo. Foloko ya bambo awa yapindika kangati? Afunseni."

Wamakala anangoseka, osawerenga.

Pamenepa amisiri sananame. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, pamene chitsulo chimapirira kuwirikiza kawiri kuposa apo. Chitsulo chikalemedwa chimayamba chapindika, mwini wake n'kuona. Aluminiyamu ukamupinda n'kumubweza, amachita mng'alu. Ndipo njinga zakalezi zili ndi chinsinsi china chimene sitichiyamikira mokwanira. Humber inali ya ku England, ndipo kampani ya Raleigh ya ku Nottingham inagula dzinalo mu 1932. Amwenye a ku Ludhiana atayamba kupanga Hero mu 1956, ndi Matchaina a ku Shanghai ndi Phoenix yawo, sanavutike kuganiza zatsopano: anatengera kapangidwe komweko. N'chifukwa chake kotapini ya Hero imalowa pa Humber, tcheni ya Phoenix imayenda pa Raleigh, ndipo sipoko yogula m'kagolosale ka kumudzi imakwanira pa zonsezi. Raleigh inasiya kupanga njinga ku Nottingham mu 2002, koma Humber ya ku Zomba sinamve n'komwe za malirowo.

Aphunzitsi anali ndi yankho lawo.

"Achimwene, Humber ija bambo anga anabwera nayo kuchokera ku migodi nthawi ya Wenela. Inu mwaikonza zaka zonsezi. Tandiuzani pamaso pa anthuwa: chatsala cha Humber pamenepo n'chiyani?"

Amisiri anakanda m'mutu. "Felemu."

"Ndi chiyani china?"

"Belu."

"Belu munasintha chaka cha njala."

Anthu anaseka mpaka mayi wazitumbuwa anagwetsa mphanda yake yotembenuzira.

Mnyamata wakabaza amene ankadikira kuti amumatire chubu anali atagwada kumbuyo kwa njinga yatsopanoyo, akuwerenga zolembedwa pa kaliyala. "Ati 25 kg! Bigi, thumba la chimanga ndi 50. Ndiye muzipita kuchigayo kawiri? Buffalo yangayi kaliyala wake ndi 100, ndipo ndimapyola." Anaimenya pa chishalo monyadira. "Iyi yanuyi kasitomala wonenepa atakwera, masipoko angayimbe nyimbo."

"Ine sindinyamula kasitomala, mwana wanga. Ndimanyamula mawondo angawa."

Pamenepa mawu a aphunzitsi anasintha. Anati Zomba si Salima kumene msewu unagona chogona. Kuno ukachoka pamsika kulowera kumtunda, kumene kuli nyumba zakale za boma za nthawi imene mzindawu unali likulu la dziko, umakwera kokhakokha. Humber ili ndi giya imodzi: ukapalasa kamodzi, tayala limazungulira kawiri ndi theka, kaya pali mtunda kaya palibe. Ali mnyamata ankaimirira pa mapedulo n'kukwera. Zaka zapitazi amatsika n'kumakankha makilogalamu oposa 20 a chitsulo, thukuta lili kamukamu, ana a sukulu akuwapatsa moni wachisoni. Yatsopanoyi ili ndi timawilo ta mano titatu kutsogolo ndi tisanu ndi tiwiri kumbuyo, magiya 21. Akaika yofewa kwambiri, kupalasa kamodzi tayala limazungulira kamodzi. Amayenda pang'onopang'ono, koma ali pachishalo.

"Lamulungu lapitali ndinafika kutchalitchi malaya ali ouma. Mvula ikagwa ndikagwira buleki imaima pomwepo. Humber ija limu likanyowa, umagwira buleki kuno n'kukaima kwa aneba."

Palibe anatsutsa. Ngakhale wamakala anagwedeza mutu, pakuti iye potsetsereka amathandizira buleki ndi chidendene cha nkhwaira pa tayala.

Ine mmene ndinkaonera, mkwiyo wa amisiri sunali pa aluminiyamu kwenikweni. Unali m'bokosi lawo la zipangizo. Muli sipanala, hamala, pulayala ndi chitsulo chokhomera kotapini, ndipo ndi zimenezo aphunzitsa ana awo sukulu. Njinga iyi ilibe kotapini ngakhale imodzi. Mabawuti ake ali ndi kabowo ka ngodya zisanu ndi imodzi kofuna makiyi akeake. Kachipangizo ka Shimano kosuntha tcheni kumbuyoko kakangopindika pang'ono, magiya onse amayamba kulumphalumpha, ndipo hamala ikafikapo ndiye kwatha. Munthu amene wakhala katswiri pansi pa mtengo umodzi moyo wake wonse sakondwa kuona njinga imene ikumufunsa mafunso. Koma njinga zoterezi zikuchuluka, zina za kaunjika, zina zotumizidwa ndi ana a kunja, ndipo mmisiri amene ayambe kusunga matayala a 622 ndi tiwaya ta magiya adzadya bwino kuposa anzake.

Mayi wazitumbuwa anali chete nthawi yonseyi. Kenaka anafunsa, maso ali pa chiwaya:

"Nanga Humber munagulitsa, bambo?"

"Ayi, ili kunyumba."

"Ikutani?"

"Mayi a kunyumba amapita nayo kuchigayo. Ndi kumunda. Nkhuninso."

"Oho. Ndiye inu mwapeza yopepuka ya magiya 21, chitsulo chija mwasiyira amayi. Iwo mawondo alibe?"

Aphunzitsi anatsegula pakamwa, natsekanso. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. Mnyamata wakabaza anatembenukira kumbali kuti aseke bwino.

"Mwana akaimbanso foni," anapitiriza mayiyo, "mumuuze kuti kunyumbako kuli anthu awiri."

Amisiri, mwina pofuna kuwapulumutsa aphunzitsi, anatola tayala long'ambika lija. Anadula chigamba pa tayala lina lakutha, nachiika mkati pamene panang'ambikapo, n'kusoka ndi ulusi wa nayiloni. Anamata chubu. Pampu yawo inakana kugwira kavalavu kowonda ka njingayo, mpaka aphunzitsi anatulutsa m'thumba kapampu kakang'ono kamene kanabwera nayo limodzi. Amisiri anakalandira ndi zala ziwiri, nkhope ili tsinya, koma anapopa.

"Likufikitsani kunyumba. La 28 ili mukabweze, mukanene kuti mukufuna 622. Akakasowa kuno, mutume munthu ku Limbe. Koma ndiyambe ndaiyesa kaye, ndione ngati tayala lakhala bwino."

Anapinda buluku, nakwera. Tinamva tcheni ikuti khetye, khetye, akusintha magiya mmodzimmodzi, mpaka anakhota kulowera kumtunda.

Wamakala anamanganso matumba ake n'kunyamuka. Ine ndinagula chitumbuwa china. Mnyamata wakabaza anayang'ana chubu chake chili pansi chosamata, anayang'ana kumsewu, makasitomala awiri akukwera njinga za anzake.

"Bigi," anatero kwa aphunzitsi, "tayala limayesedwa mpaka ku Ku Chawe?"