Kagalimoto ka abwana kavala jombo

Centurion, ku Joni

Okondedwa alamu,

Kuno ndili bwino, kupatula chisanu cha mu Juni chimene chikundilowa mpaka m'mafupa. M'mawa kapinga amadzuka atayera mbuu, ngati wina wawazapo ufa usiku. Kaya inu kumeneko pamodzi ndi achemwali ndi ana? Ndalama ya malata ija ndatumiza dzana pa Mukuru, koma m'dzina la achemwali. Musakhumudwe. Kukhulupirira ndimakukhulupirirani, kungoti njira yochokera pa Linthipe ili ndi mithunzi yambiri yabwino, ndipo inu mumamva ludzu msanga.

Munandifunsa pafoni kuti zaka zinayi zonsezi galimoto ibwera liti, poti anzanga ena anabwera nazo kale. Ikubwera mu Disembala. Musayambe kulimira pabwalo poimika, si yanga. Nkhani yake ndi yaitali, pafoni ingathe bandulo, n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Abwana anga ndi Mbunu wamtali ngati mlongoti, mimba ngati nkhokwe ya chaka chabwino. Mugalaja muli kale galimoto ziwiri zonyezimira, koma chaka chatha anabwera ndi kachitatu kogula kwa munthu: Suzuki Jimny ya 2009. Kagalimoto kake, alamu, ngolo yanu ndi yaitali mukawerengera ndi ng'ombe zomwe. Zitseko zitatu, injini ya malita 1.3, thanki ya malita 40. Abwana akalowamo kamapendekera kumanja ngati bwato la pa Senga Bay. Tsiku loyamba ndinkayesa agulira mdzukulu choseweretsa.

Koma ndisakanyoze. Abwana anandigoneka chagada pansi pake n'kundionetsa. Kali ndi chasisi ngati ya lole, zitsulo ziwiri zolumikizidwa ngati makwerero, ndipo matayala awiriawiri ali pa ekiselo imodzi yosapindika, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mukadina batani matayala onse anayi amakoka, mukadina lina kamayenda mwa kamba koma mphamvu ngati thirakitala. Akuti Ajapani anayamba kupanga mtundu umenewu mu 1970, ndipo maonekedwe a kathuka anakhala omwewo kuyambira 1998 mpaka 2018. Kulemera kwake kumangopitirira pang'ono tani imodzi. Abwana anandiuza okha, ndi pakamwa pawo, kuti mphamvu ya kagalimotoka ili m'kupepuka kwake. Mawu amenewa muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Ntchito yanga ndi ya maluwa ndi kapinga, koma kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinasanduka sipanala boyi.

Choyamba anakakweza msinkhu. Masipuling'i atsopano, mashokapu atsopano, ndalama yokwana malipiro anga a miyezi itatu, ndipo kagalimoto kanatalika ndi mamilimita 50. Zala zitatu, alamu. Ine ndinazungulira kawiri kufunafuna pamene pasintha. Kusinthako tinakuona Lamlungu lake pa msewu wa N14. Tikuthamanga 80, tayala linaponda kachigamba ka phula, basi chiwongolero chinayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, kenako galimoto yonse gwedegwede ngati chigayo cha dizilo. Mano anga ankamenyana okha. Ndinalapa machimo onse, ngakhale la nkhuku yanu ija imene munkati inagwidwa ndi chiwombankhanga. Matendawa eni ake amawatcha death wobble, kunjenjemera kwa imfa. Makaniko anafotokoza kuti ukakweza galimoto yotere, ekiselo ya kutsogolo imapendekeka n'kutaya kakhalidwe kake, ndiye pamafunika mabushi ena oibwezera m'malo. Anapezanso kuti maberingi a kingipini anali atadyeka kale. Atatsala pang'ono kutitsanzika anawonjeza kuti mapaipi a buleki nawo afupika, tayala likalendewera m'dzenje akhoza kuduka. Ndiye kuti zala zitatu zija zinabereka ana atatu, aliyense ndi mtengo wake.

Kenako jombo. Anachotsa matayala ake a 205/70 R15 n'kuika a 215/75 R15, a zigoba ngati msana wa ng'ona. Kukongola kanakongola. Koma tayala lalikulu limafuna mphamvu yambiri kuti lizungulire, ndipo kainjini n'komwe kaja. Tsopano pa chitunda chilichonse giya ya faifi imangokhala ya ulemu, ndipo madalaivala a matekisi amatidutsa akuimba hutala. Inu madalaivala a kuno simukuwadziwa: akakuimbira hutala, umamva kuti watukwanidwa mpaka agogo ako.

Chachitatu, chitoliro chakuda chokwera m'mbali mwa galasi ngati chitamba cha njovu, choti injini izipumira m'mwamba powoloka mtsinje. Pobowola chitsulo kuti chitolirocho chilowe, abwana anayang'ana kumbali ngati mayi amene mwana wake akubayidwa jakisoni. Kufikira lero madzi akuya amene kagalimotoka kawaonapo ndi a m'paipi yanga yotsukira Lachisanu. Komabe pa zonse anagula pali kamodzi kamene ndinavulira chipewa, ndipo n'kotchipa kuposa zonse: timapaipi topyapyala tochokera pa madifu kukwera m'mwamba. Difu ikatentha n'kulowa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umafota ndipo imakoka madzi, oyilo n'kusanduka tiyi wamkaka. Mukawauze a pikapu ya matola aja amene amadula pamtsinje nthawi ya dzinja n'kumati anawalodza. Mfiti yawo ndi imeneyi.

Apa akanaleka. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kunabwera bampala yachitsulo, winchi, kaliyala ya padenga, tenti yogona pamwamba pa kaliyalayo, firiji, batire lachiwiri lodyetsa firijiyo, zigubu ziwiri za petulo poti thanki yayamba kuuma msanga, ndi nyale zoti zikhoza kuwalitsa bwalo la Silver usiku. Mipando ya kumbuyo anaizula kuti firiji ipeze malo. Adona sadziwa theka la zimenezi. Makatoni amafikira kuchipinda kwanga kuseri, moti ndinagona ndi winchi kunsi kwa bedi masabata awiri, ndikudzuka usiku n'kupunthwa nayo chala. Adona akafunsa mtengo wa chinthu chilichonse, abwana amati marandi 500, kenako amandiyang'ana ine, ine n'kugwedeza mutu. Umboni wonamawu ndimalandira nawo kabonasi, ndipo malata anu awiri achokera pamenepo.

Tsono tiwerenge ngati anthu a pa msika. Kagalimotoka kamaloledwa kunyamula makilogalamu pafupifupi 350, kuphatikiza anthu. Ndiwo matumba asanu ndi awiri a chimanga. Abwana okha ndi matumba awiri ndi ndowa. Zitsulo zonse zija ndi matumba anayi. Ine thumba limodzi ndi kachidebe. Tisanaike madzi, nyama ndi mowa, tadutsa kale. Kupepuka kuja kunapita ndi marandi.

Loweruka lapitali ndiye tinapita kukakayesa, ku famu ina kumapiri a Magaliesberg, chakufupi ndi damu la Hartbeespoort. Pageti abwana anatulutsa khadi n'kulipira mazana angapo. Ndinafunsa kuti tikulipira chiyani, kodi muli nyama zoti tione? Anati ayi, tikulipira msewu. Ndinayang'ana msewuwo. Alamu, zigwembe, miyala, maenje, malo ena otsetsereka ngati pa chulu. Mwini famu amachita kukumba dala ndi thirakitala. Ndipo poti kuno nyengo yozizira mvula sigwa, dzenje la matope amachita kulithirira ndi paipi, ngati dimba la tomato. Ndinaseka mpaka misozi, abwana n'kumayesa ndasangalala ndi ulendo. Ife zaka zonsezi tikudandaulira phungu aliyense wobwera kudzapempha mavoti kuti atikonzere msewu, osadziwa kuti tikukhalira chuma.

Panali galimoto zisanu ndi imodzi, zina zikuluzikulu, Hilux ndi Land Cruiser. Onse anayamba aphwetsa matayala, athu mpaka pafupifupi bar imodzi, kuti tayala liphwatalale ligwire bwino pansi. Pamiyala kathu kanachita manyazi ndi ndani? Kanakwera ngati mbuzi yothawa chingwe, pamene Hilux yaitali inakhalira mimba pamwala, matayala akupalasa mphepo. Abwana anatupa ngati finye. Pamalo opendekeka ndiye tenti ya padenga inayamba kutikokera kuphompho. Anandiuza kuti nditsike ndilendewere kunja mbali ya kumtunda. Ndinakangamira kaliyala ngati kondakitala wa minibasi ya ku Mchesi, ndikuganiza kuti ndikafera pano mudzawauza chiyani amayi.

Kenako tinafika padzenje lija. Dothi lake lakuda, lomata, makande enieni ngati a padambo pathu. Abwana analowa ndi liwiro, phazi pansi, injini ikulira ngati nkhumba yophedwa. Tinafika pakati, basi. Iwo kupondabe moto, matayala kukumba, mpaka kagalimoto kanakhala pansi ndi mimba, phwii, ngati nkhuku yofungatira. Anatuluka akumwetulira, poti nthawi ya winchi inali itakwana. Anakoka chingwe kufuna mtengo. Mtengo umene chingwe chinafikira unali kamtengo kaminga konenepa ngati mpini wa khasu. Anadina batani, chingwe chinakungika, kamtengo kanazuka ndi mizu yomwe n'kubwera kudzatipeza m'matopemo. Galimoto zinazo zikanatikoka, koma abwana anakana kuti Suzuki sikokedwa ndi Toyota anthu akujambula pafoni.

Amuna asanu ndi mmodzi anaima mozungulira, aliyense chitini m'manja, kukambirana m'Chibunu ngati mlandu wa malo. Dzuwa likupendeka, ine njala. Ndinati, bwana, mundilole ndiyeseko. Choyamba tinatsitsa firiji, zigubu ndi katundu yense womasuka. Kenako ndinapempha mwaulemu kuti katundu wolemera kwambiri asakwerenso, ndipo anzawo anaseka mpaka wina anatsamwa. Ndinamasula fosholo pakaliyala, ikadali ndi kapepala ka mtengo, n'kukumba kutsogolo kwa tayala lililonse ndi kunsi kwa madifu. Ndinayala miyala, pamwamba pake nthambi za kamtengo kaja, kuti imfa yake isapite pachabe. Pachiwongolero tinaikapo mayi wina wochepa thupi, mkazi wa mwini Hilux. Ndinamuuza kuti aike giya yachiwiri ya mwa kamba ija, phazi aponde ngati akuponda dzira. Amuna onse kumbuyo, abwana pakati, matope m'mawondo. Ndinawerenga mpaka katatu m'Chichewa, ndipo anamva. Kagalimoto kanatuluka pang'onopang'ono ngati chule.

Alamu, kwa mphindi khumi ndinali kapitawo wa azungu. Ndikanakonda agogo amene anakagwira m'migodi nthawi ya Wenela akanaona.

Pa kanyenya madzulo ake anandifunsa kuti maphunziro amenewa ndinachitira kuti. Ndinati padambo la kwathu, aphunzitsi anali alamu anga, galimoto yake inali eyiti-bayi-eyiti. Anadabwa kuti ndi ya kampani yanji. Ndinati miyendo isanu ndi itatu yonse imakoka, petulo wake ndi udzu, ndipo ikakalamba timadya. Ndinapatsidwa marandi 200 ndi soseji yawo yopindapinda ya boerewors yotalika ngati lamba. Pobwerera ndinkati mwina abwana aphunzirapo kanthu, tenti itsika. Lolemba kunabwera katoni ina. Ili kunsi kwa bedi pamene ndikulemba pano, sindinaitsegule, koma ndi yolemera.

Mwezi wamawa akuti akukakwera Sani Pass, msewu wokwera phiri kulowa ku Lesotho, pamwamba pake pafupifupi mamita 2,900. Kumeneko kuli chipata ndipo amaona mapasipoti, ndiye ine ndawauza kuti maluwa sangakhale okha masiku atatu. Nkhani ya chidindo cha m'pasipoti yanga si yolemba m'kalata. Koma kuyambira tsiku la matope lija akungofunsa za dambo lathu, ndipo atsimikiza kuti mu Disembala tibwera: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kudzalowera pa Dedza. Makilomita oposa 1,700 pa kagalimoto kamene kamamva ludzu kuposa inu. Za kubwerera kwanga kuno tidzaona komweko.

Ndiye mumve bwino. Mukawapemphe amfumu kuti chitukuko chokwirira chigwembe cha kuseri kwa sukulu chiyambe chaima mpaka Januwale. Anyamata aja amathira dothi m'maenje n'kumapempha ndalama kwa odutsa, auzeni apume. Pamene msewu umadzera padambo muikepo mtengo wopingasa ndi mwana wa yunifolomu wodziwa kuwerenga chenje. Ng'ombe muzidyetse bwino, goli likhale pafupi koma losaonekera, ndipo musatulukire msanga. Mudikire ayambe ayesa winchi. Mtengo wokokera mutchule m'marandi, theka ndi langa.

Chinanso, abwana akamadzanena kuti ndine wa m'maluwa, inu muzidzangoti Chingerezi simumva. Amayi amadziwa kuti ndimagwira mu ofesi.

Moni kwa onse, makamaka achemwali. Lisiti la malata mundijambulire.

Ndatha ine,
mlamu wanu wa ku Joni