Ulemu kwa Chikatapila, Mlendo Wachikasu wa M'mbali mwa M5

Alipo anthu amene amanyoza chikhamu chimene chimasonkhana chikatapila chikamatsitsidwa pa lobedi. Amati ndi ulesi, amati munthu wamkulu ndi ndevu zake sangaime pa Golomoti dzuwa lili paliwombo n'kumayang'ana chitsulo chikukanda dothi. Anthu amenewa amalakwira chikhamucho, ndipo amalakwiranso chikatapilacho, chifukwa sanamvetse chimene chinabwerera. Ntchito yaikulu ya chikatapila ndi kuoneka. Kukumba ndi ganyu wapambali amene chimagwira dizilo akapezeka. Tikagwirizana pamenepa, zotsatira zake sizivuta: amene amachionerera ndi amene amachipukuta ndiwo agwira mbali yolemera ya chitukuko, ndipo ayenera kupatsidwa ulemu wawo.

Umboni woyamba anapereka ndi eni ake opanga. Kampani ya Caterpillar, imene inayamba mu 1925 ku America, poyamba inkapaka makina ake utoto wotuwa. Mu 1931 inasintha n'kuyamba kupaka wachikasu, ndipo chifukwa chachikulu chinali chakuti anthu aziwaona ali patali pamsewu. Utoto suwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono, komabe JCB ya ku England, Komatsu ya ku Japan ndi Sany ya ku China onse amapaka wachikasu, ndipo Hitachi amapaka mtundu wa lalanje, umene nawo subisika. Utoto umenewu umagwira bwino kwambiri kuno kuchigwa, pakati pa mapiri a Dedza ndi nyanja. Mu Okutobala udzu utapsa, milambe itayoyola masamba, dziko lonse kuchokera ku Mtakataka mpaka ku Bwanje limakhala lotuwa mbuu. Chinthu chachikasu chikaima pamenepo, ngakhale agogo amene maso anayamba kuchita nkhungu amachiloza ndi ndodo.

Kuonerera nako si kungoyasamula kukamwa. Ndi sukulu, ndipo ili ndi akatswiri ake. Mnyamata wa kabaza amene sanafike Fomu 2 amadziwa kuti 320 yolembedwa pa Caterpillar kapena PC200 ya pa Komatsu ikunena chilombo cholemera matani 20 kapena kupitirirapo pang'ono. Amadziwa kuti chibakete chake chikatapa kamodzi chanyamula dothi lokwana mawilibala pafupifupi 15. Amadziwanso kusiyanitsa dalaivala wodziwa ndi wongophunzira potsika pa lobedi: wodziwa amayamba watambasula mkono n'kugunditsa chibakete pansi, kenako matcheni amatsetsereka pang'onopang'ono, ndipo pamene chikatapila chonse chikupendamira kutsogolo, mkono uja ndiwo umachilandira, osamveka phokoso. Wophunzira amachigwetsa kuti khu, ndipo chikhamu chimaweruza pomwepo, popanda apilo. Ana amapita nazo patsogolo. Galimoto zawo zamawaya zimamera mkono wa mfundo ziwiri wokokedwa ndi ulusi, ndi chibakete cha kachitini. Amene akuti uku n'kutsalira afunse za ku Wuhan, kumene kumayambiriro kwa 2020 anthu mamiliyoni ankachezera pa intaneti kuonerera zikatapila zikukonza malo a chipatala cha Huoshenshan, mpaka kuzipatsa mayina achibwana. Ku England kuli malo otchedwa Diggerland kumene makolo amalipira kuti ana awo akwere zikatapila. Ife timaonera ulere, tili ndi nzimbe m'manja.

Koma phindu lalikulu la kuoneka kwa chikatapila ndi uthenga umene chimanyamula. Wayilesi ikalengeza kuti msewu wa M5, uja wochokera ku Salima kupita ku Balaka, ukonzedwa, anthu amangopitiriza kusenda chinangwa, chifukwa mawu otere makutu awo anawazolowera. Chikatapila chikangoima pambali pa msewu, dera lonse limadzuka. Lendi ya nyumba zamalata imakwera. Mayi wamandasi amawonjezera ufa, wachiwaya amasamutsa mbaula. Mwini munda wa m'mbali mwa msewu amayamba kuwerenga mitengo yake ya mango, ndi ina imene anadzala dzulo, poyembekezera chipukutamisozi. Zonsezi zimachitika dzenje ngakhale limodzi lisanakwiriridwe. Andale, amene pa nkhani ya kuoneka ndi madokotala, anazindikira kale mphamvu imeneyi. N'chifukwa chake pokhazikitsa ntchito bwana amavekedwa chipewa cholimba ndi lifuleketa yatsopano, amakwezedwa m'chikatapila, dalaivala atabisala pambali n'kumamugwira dzanja, ndipo chibakete chimatapa dothi kamodzi amayi akulira nthungululu. Kutapa kamodzi kokhako kumagwira ntchito imene buku lonse la malonjezo silingagwire. Ena amadandaula kuti zikatapila zimachuluka chisankho chikayandikira n'kusowa mavoti akawerengedwa. Koma bowa nayenso amabwera pa nyengo yake, ndipo palibe amene anam'tengera kubwalo.

Tsono mlendo wa udindo wotere sangaoneke ali mbuu. Wotsutsa amafunsa kuti kutsuka chinthu chimene mawa chibwerera m'matope n'kwanji, pamene mayi akuyenda mtunda kukatunga madzi kumjigo. Yankho lake lili ndi mbali ziwiri, ndipo yoyamba ndi ya amakaniko. Dothi lakuda la m'chigwa cha Bwanje likalowa m'matcheni n'kuuma limalimba gwa, mawilo ang'onoang'ono amene matcheniwo amayendapo amaleka kuzungulira n'kuyamba kudyeka mbali imodzi, ndipo zitsulo za pansizo ndi zina mwa zodula kwambiri pa chikatapila chonse. Mnyamata wothandiza dalaivala, amene madzulo amagwada n'kumakolopola dothi ndi fosholo ndi kachitsulo, kenako n'kupopera girizi pa mfundo iliyonse ya mkono mpaka wakale wakuda atatuluka, akupulumutsa ndalama zoposa malipiro ake a chaka. Pa chitsulo choyera, dontho la oyilo ndi mng'alu zimaoneka zisanakule. Pa chamatope zimadziwika tsiku limene paipi yaphulika. Ndodo zonyezimira zija zimene zimalowa ndi kutuluka pamkono zikachita dzimbiri zimang'amba mphira zotsekera oyilo. Mbali yachiwiri ndiyo yofunika koposa. Chikatapila chamatope chimaonetsa ngati chatopa, pamene chotsukidwa chimaonetsa ngati chiyamba ntchito Lolemba, ndipo chingathe kuonetsa choncho Lolemba lililonse kwa chaka chathunthu.

Zotsutsa zina n'zolemerako. Akuti chikatapila chimalanda ntchito anthu a makasu, ndipo amakumbutsa kuti Mishoni ya Mua, imene Azibambo Oyera anayamba mu 1902, inamangidwa ndi manja, monganso mbali yaikulu ya njanji imene inadutsa ku Golomoti ndi ku Mtakataka n'kufika ku Salima mu 1935. N'zoona, koma mlandu umenewu ukukhudza chikatapila chimene chikukumba. Chimene chaima sichilanda ntchito munthu, chimachita kulemba: mlonda wausiku, mlonda wamasana, ndi wowaphikira. Akutinso chimamwa malita a dizilo oposa 10 pa ola pamene ambulansi ili pamzere ku filing'i siteshoni. Apanso choimacho n'chosalakwa, ndipo nthawi zina chimaonetsa mtima wogawana, pakuti dizilo wake amadziwa njira yotulukira usiku n'kukapezeka m'zigubu pafupi ndi chigayo. Chotsutsa chimene sichisekedwa ndi cha maenje amene amasiyidwa pokumba dothi la msewu. Mvula ikagwa amadzaza, udzudzu umaswana, odwala malungo amawonjezeka pachipatala, ndipo mwana wosadziwa kuya kwake akhoza kumiramo. Koma chikatapila chimene chinakumba dzenjelo chingathe kulikwirira dzuwa lisanapendeke. Chimene chimasowa ndi munthu wochiuza, ndipo munthuyo, amene amasayina kuti ntchito yatha, sanapakidwe utoto wachikasu, choncho saoneka.

Chilema chenicheni cha chikatapila n'chakuti nthawi zina chimagwiradi ntchito. Sikimu ya mpunga ya Bwanje ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la Japan, ilipo. Damu la pa Namikokwe lilipo. Magetsi a dzuwa a mamegawati 20 a pa Golomoti anayamba kuwala mu 2022. Malo onsewa makina atamaliza anakwera lobedi n'kupita, kusiya anthu akudya mpunga popanda chowonerera. N'chifukwa chake mfumu ya zikatapila zonse ndi chija chimene paipi inaphulika, chikudikira chipangizo chochokera ku Johannesburg, chipangizocho chikudikira ndalama zakunja, ndalamazo zikudikira fodya. Chimenecho chimakhazikika. Mbuzi zimapeza mthunzi, nkhuku imaikira pansi pa mpando, chitedze chimakwera pamkono, ndipo posakhalitsa kondakitala wa minibasi amayamba kufuula kuti otsika pa Chikatapila akonzeke. Kupatsa malo dzina ndi ulemu umene aphungu ambiri amachoka pampando asanaupeze. Ku Chamare Museum pa Mua, kumene bambo Claude Boucher ndi anzawo a ku Kungoni anasonkhanitsa zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, mlendo amaphunzira kuti Gule sataya chachilendo chimene chagwedeza mudzi, moti ngakhale Galimoto analowa m'bwalo. Chikatapila chili ndi mkono wogwedeza, chili ndi fumbi, ndipo ana amachithawa akuchitsatira. Akuluakulu akudambwe aganizirepo.

Pakadali pano chofunika ndi dongosolo. Mudzi uliwonse umene wasiyiridwa chikatapila usankhe komiti yochisamalira, ya wapampando, mlembi ndi msungichuma, yolambula udzu mochizungulira, kupukuta magalasi Loweruka lililonse, ndi kupaka girizi pa ndodo zonyezimira zija mvula isanayambe. Sopo ndi zidebe zigulidwe ndi ndalama za CDF, ndipo malisiti asavute munthu, popeza ofufuza za chuma akadzabwera adzangoimitsa galimoto pamsewu n'kuona okha chikasu chikuwala.