Usipa wa Zikwama: Kalata Yochokera ku Joni

Achimwene,

Mng'ono wanu ali moyo. Ganyu ya kumaluwa ija inatha, ndipo tsopano akusesa ndi kuyala mabedi pa nyumba ina yogona alendo kuno ku Johannesburg. Zimene akuona pa nyumba imeneyi sizingathe pa foni, mayunitsi angathere pa moni, n'chifukwa chake wagwira cholembera.

Alendo ake si mabwana a masuti ayi. Ndi ana a azungu a zaka 19, 22, wamkulu mwina 25, ochokera ku Germany, Netherlands, France, ena mpaka ku Japan ndi Brazil. Aliyense amafika yekhayekha, chikwama chachikulu kumsana, china chaching'ono pamimba, patapata kumapazi, malaya osadziwa simbi. Kwawo makolo ali ndi magalimoto ndi nyumba zosanja, koma iwo anasankha kudzavutika dala, ndipo kuvutikako amalipira ndi ndalama zawo.

Mng'ono wanu atatsegula chipinda chawo m'mawa kuti asese, anaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Mabedi osanjikiza, wina pamwamba wina pansi, anthu 10 osadziwana, amuna ndi akazi, ali ndandanda, masokosi ndi matawulo zili lende m'zitsulo, kafungo kali guu. Achimwene, limenelo ndi thandala la usipa, lopanda ntchentche chabe. Kuyambira pamenepo mng'ono wanu saonanso alendo, amaona usipa basi.

Ndipo amachitadi za usipa. Siginala akayatsa nyali pa bwato usiku, nsomba zimabwera zokha. Kuno nyali yake ndi Wi-Fi. Pamene intaneti ikukoka bwino, pakona ya khonde, mupeza gulu lonse launjikana, mitu pansi, nkhope zikuwala ndi mafoni, palibe wolankhula ndi mnzake. Munthu atabwera ndi chilimila atha kukokolola onse kamodzi. Magetsi akazima, ndipo kuno amazima ndithu, amabalalika ngati usiku wa mwezi wowala pamene asodzi amabwerera ndi bwato lopanda kanthu. Zoseketsa n'zakuti gawo lina la magetsi amenewa ndi athu omwe, ochokera ku Cahora Bassa ku Songo, amene amayenda m'mawaya makilomita pafupifupi 1,400 kudzafika kufupi ndi Johannesburg popanda wowafunsa pasipoti.

Masana amadziyanika padzuwa kuseri kwa nyumba mpaka kufiira psuu. Ubwino wa usipa umenewu ndi woti umadzitembenuza wokha, sufuna mlamu kuti adzuke m'mamawa. Ukauma umapakiridwa. Ali ndi basi yawoyawo, Baz Bus, imene imawatola pakhomo la nyumba yogona n'kukawatula pakhomo la ina m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, cha ku Cape Town uko. Olimba mtima amakwera mateksi a anthu wamba, amafinyana anayi pa mpando monga pa chapa ya ku Lichinga, ndipo akatsika amajambula teksiyo chithunzi.

Kuumira kwake musanene. M'firiji ya pa nyumbayi chakudya chilichonse chili ndi dzina la mwini wake. Mng'ono wanu anapezamo anyezi wodula pakati, wokulunga bwinobwino, atalembedwa dzina ndi tsiku. Theka la anyezi! Munthu amene anakwera ndege kuchokera ku Amsterdam! Amaphika okha tizakudya ta m'mapepala tongothira madzi otentha, amachapa okha m'bafa, amayenda wapansi poopa kulipira galimoto. Koma mawa lake yemweyo atulutsa ndalama zokwana chakudya cha mlungu wathunthu kuti akapalase njinga ku Soweto, akaone msewu wa Vilakazi kumene kuli nyumba ya Nelson Mandela ndi ya Desmond Tutu, n'kukadya nsima ndi manja. Akabwerako amafotokoza zodya ndi manjazo ngati wapha ng'ona.

Mng'ono wanu sanapirire, anafunsa. Anamuuza kuti khalidweli si la dzulo. Mphunzitsi wina wa ku Germany, Richard Schirrmann, ndiye anatsegula nyumba yoyamba yokhazikika ya mtundu umenewu mu 1912 ku Altena, kuti ana a sukulu aziyenda ndi kugona motchipa. Mu 1972 kunabwera tikiti ya Interrail, yoti wachinyamata azikwera nayo sitima za pamtunda m'maiko ambiri a ku Ulaya. Ndipo kuyambira 2018 bungwe la European Union limagawa matikiti a sitima aulere kwa ena mwa ana amene akwanitsa zaka 18, kuti angopita kukazungulira. Boma kulipirira mwana kuti akayendeyende! Kwathu mwana woyendayenda amamuitanira atsibweni.

Zifukwa zawo n'zosavuta kumva. Akuti mawondo akadali olimba, msana ukutha kugona pa benchi ya pa siteshoni. Akuti alibe mkazi, alibe mwamuna, alibe mwana wofuna yunifolomu. Akuti ntchito ikadzawagwira siidzawasiyanso mpaka imvi, ndiye bola aone dziko lero. Za kuyenda wekha akuti ukakhala ndi mnzako umangocheza ndi iyeyo, koma ukakhala wekha njala ndi kusochera zimakuphunzitsa kupempha njira kwa anthu. Apa mng'ono wanu anavomera, pakuti Chizulu chimene akulankhula lero anachiphunzira chifukwa chosochera pa Park Station.

Njira imene amanyadira nayo kwambiri ndi yathu yomwe ija, kungoti iwo amaiyamba kumchira. Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zóbuè, Mwanza, Blantyre. Mng'ono wanu anaidutsa mutu uli m'mawondo, ndalama atazisokerera mu kabudula. Iwo amailemba m'kabuku, boda iliyonse ndi nkhani yake, ndipo chidindo chilichonse cha m'pasipoti amachionetsa kwa anzawo madzulo.

Mlungu watha kunabwera mtsikana wa ku Germany wa chikwama chofiira. Atamva kuti wosesa ndi wa ku Niassa, anatulutsa foni n'kuonetsa dongosolo lake lonse: akakwere Ilala, sitima ija yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, akatsike pa Likoma kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter, awoloke pa boti kupita ku Cóbuè, atsike mpaka ku Messumba ndi Metangula, akwere phiri kupita ku Lichinga, kenako sitima ya pamtunda ya ku Cuamba mpaka Nampula. Kenaka anaonetsa chithunzi cha gombe la Chuanga, mchenga uli mbee, mabwato atagona pamtunda, madzi ali phee mwera usanayambe. Anafunsa kuti munthu wobadwira pamalo otere amachokapo bwanji n'kudzasesa ku Joni.

Mng'ono wanu anaseka, anapita kuchipinda chosungira matsache, ndipo anakhalako nthawi.

Achimwene, zinthu kuno sizili bwino. Mtsikana ameneyo pa boda amamudindira masiku 90. Wa pasipoti ya Mozambique amamudindira 30. Mwezi ukamatha munthu ayenera kuthamangira ku Ressano Garcia kukadinditsanso, ndipo basi yopita ndi kubwera imadya ndalama imene ikanagula malata. Ukapitirira masiku amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi, mwinanso zisanu, ndipo akakugwira m'tauni ulendo wake ndi wa ku Lindela, ku Krugersdorp, kukadikira galimoto yokubweza. Mu 2023 boma lathu linachotsera viza anthu a maiko 29, a ku Germany ali momwemo, kuti azibwera kudzaona nyanja. Koma mng'ono wanu atafuna kukaona kwawo kwa mtsikanayo, viza yokha ndi mayuro 90, kuwonjezapo mapepala a ku banki amene iye alibe. Alendowa ali ndi tikiti yobwererera m'thumba ndi inshuwalansi yoti akadwala ndege iwatenge. Usipa wouma wopakiridwa m'thumba, wosadziwa msika umene ukagulitsidwe, ndi uyu akulemba kalatayu.

Mwezi wathawu kunamwalira bambo wina wa cha ku Meponda amene ankagona nyumba imodzi ndi anyamata a kwathu. Anadwala masiku ochepa, wopanda womuphikira phala. Anthu a ku Niassa anasonkha zimene akanatha, koma kunyamula maliro mtunda woposa makilomita 2,000 si masewera, ndalama sinakwane, ndipo anaikidwa konkuno, pamanda pali anthu owerengeka, popanda wachibale ndi mmodzi yemwe. Chiyambire tsiku limenelo mng'ono wanu tulo sakutiona bwino. Akamva phokoso mu msewu usiku amakumbukira za 2008, pamene anthu 62 anaphedwa m'zipolowe zothamangitsa obwera. Akatseka maso amamva fungo la kondowole ndi utaka wootcha wa mayi, ndipo amawerenga zaka zawo.

N'chifukwa chake ndalama ya mwezi uno yabwera yoperewera. Gawo lina linapita ku maliro aja, lina ku boda. Imene yalowa pa M-Pesa yanu mugule malata a mbali yodontha ya nyumba ya mayi mvula isanagwe, ngongole ya ukonde idikire Disembala. Mayi musawauze za malirowo, muwauze kuti mwana wawo wanenepa.

Tsono za mwana wa achemwali uja, amene akuti akufuna kubwera. Mng'ono wanu sakumuletsa kuyenda. Pa mfundo imeneyo ana a azunguwa akunena zoona, mwendo uyende ukadali wolimba, ndipo mnyamata amene sanapitirirepo Lichinga aliyense atha kumunamiza. Koma ayambe ndi pafupi. Awoloke akaone Likoma, akwere sitima akaone Nampula, aphunzire kusunga ndalama ya chakudya ndi kugona pakati pa anthu osawadziwa. Akafunabe Joni, ayambe wapanga pasipoti ku Lichinga, amalize kalasi imene alimo, ndipo ndalama yobwererera ikhale payokha, yosakhudzidwa ngakhale njala itavuta. Asamvere anthu olonjeza kumuwolotsa Limpopo usiku, mumtsinje umenewo muli ng'ona ndipo kutsidya kuli achifwamba odikirira omwewo. Asanyamuke asanalandire mawu kuchokera kuno, pakuti pogona pamene mng'ono wanu ali napo ndi pa munthu mmodzi.

Mtsikana wa chikwama chofiira uja wanyamuka dzulo, ndipo wauzidwa kuti akafika pa Metangula afunse nyumba yanu kumsika wa nsomba. Mukamuona mumulandire, alamu amuphikire kondowole ndi chambo, adye ndi manja mmene amafunira. Koma akafuna kukwera bwato kupita ku Chuanga alipire mtengo wonse, asakunamizeni ndi patapatayo, ndalama ali nayo.

Moni kwa mayi, alamu ndi ana onse.

Mng'ono wanu,
ku Joni